Garimoto Yakale ya Dzimbiri: Kuikonza Kapena Kuileka?

M'maiko a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe muli magarimoto ambiri akale amene anaima zaka zapitazo ndipo sanayendenso. Ena ali kuseri kwa magaraja, ena ali pansi pa mitengo ya mango, atakhazikidwa pa njerwa, nkhuku zirikuikira mazira pa mipando. Kawiri-kawiri garimoto yotere inali ya bambo kapena ya malume amene anamwalira, ndipo tsiku lina mmodzi wa ana aiyang'ana nayamba kuganiza zoiutsa. Maganizo amenewa si oipa, pakuti alipo anthu okonda magarimoto a zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo yosamalidwa bwino aigula pa mtengo wabwino. Koma nchito imeneyi itha kumeza ndarama za sukulu ya ana ndi za feteleza wa caka conse, garimoto osayenda. Coopsa koposa ndi cakuti garimoto yokonzedwa pamwamba pokha itha kuthyoka pa mseu iri ndi anthu m'kati. Cifukwa cace munthu ayenera kuiweruza bwino asanaturutse khobidi.

Anthu ambiri ayamba ndi kufunsa za injini ngati ilira, ndipo ena ayang'ana utoto ndi mipando. Amakaniko odziwa nchito yao sayambira pamenepo iai. Injini yakufa itha kumasulidwa ndi kukonzedwa, kapena kucotsedwa ndi kuikapo ina; mipando isokedwa, utoto upakidwa. Cimene cidula mlandu ndi citsulo ca pansi, conyamula garimoto yonse. Cikakhala colimba, zina zonse zingathe kukonzedwa pang'ono-pang'ono. Cikakhala cobvunda, zina zonse ziribe pokhala.

Dzimbiri ndi Macitidwe Ace

Dzimbiri libadwa pamene citsulo cikomana ndi madzi pamodzi ndi mpweya, ndipo mcere ulifulumiza kwambiri. Litayamba, litenga malo akuru koposa citsulo cimene ladya, ndico cifukwa cace utoto utupa ngati matuza. Thupi la garimoto lipangidwa ndi citsulo copyapyala, ca ngati milimita imodzi kapena kucepera, cotero dzimbiri silicedwa kuboola. Opanga magarimoto ambiri anayamba kukuta citsulo ndi zinki, monga acitira ndi malata a denga, m'zaka za m'ma 1980. Magarimoto ambiri opangidwa kale koposa apo analibe cocinjiriza cina koma utoto ndi phula.

Cobvuta ndi cakuti dzimbiri loopsa liyambira m'kati, m'malo obisika mmene madzi alowa osaturukanso. Pamene thuza lioneka kunja, m'kati mwatha kale. Akuru anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mau amenewa ayenera garimoto yakale yonyezimira utoto watsopano.

Maiko atatuwa ali ndi mwai, pakuti ali kutali ndi nyanja ya mcere ndipo miyezi yambiri ya caka mvula siigwa. Garimoto imene inakhala moyo wace wonse ku Lilongwe, ku Kabwe kapena ku Bulawayo kawiri-kawiri ipezeka yolimba koposa inzace yocokera ku Beira, ku Durban kapena ku Dar es Salaam, kumene mphepo iri ndi mcere. Yocokera ku Britain iyenera kukayikiridwa koposa, popeza kumeneko athira mcere m'miseu nyengo ya cisanu. Koma nakonso kuno dzimbiri liri ndi abwenzi ace: matope oumira m'madigadi amene asunga cinyontho, udzu wautali womera pansi pa garimoto yoima, mphira za magalasi zong'ambika ndi dzuwa zimene zilowetsa mvula, madzi a batire otayikira, ndiponso matumba a feteleza onyamulidwa kumbuyo, pakuti feteleza adya citsulo monga mcere.

Dzimbiri liri ndi misinkhu itatu. Loyamba ndi la pamwamba, lofiira ngati pfumbi, limene licoka pokwecha ndipo citsulo coyera cioneka pansi pace; limeneli siliopsa. Laciwiri ndi lofundukuka ngati makungwa, losiya citsulo ciri ndi maenje-maenje, cocepa mphamvu. Lacitatu ndi loboola. Mankhwala a m'sitolo aletsa dzimbiri la pamwamba, koma palibe mankhwala obwezera citsulo cimene catha. Pamenepo njira ndi imodzi yokha: kudula cobvundaco kufikira pa citsulo cabwino ndi kuocherera catsopano.

Mapangidwe Awiri a Garimoto

Kukula kwa bvuto kudziwika poyang'ana mmene garimotoyo inapangidwira. Magarimoto ena ali ndi cimango ca citsulo cocindikala, conga makwerero ogona pansi, cimene amakaniko acichula chassis, ndipo thupi limangidwa pamwamba pace ndi mabauti. Ena alibe cimango capadera. Thupi lomwelo ndilo linyamula injini, magudumu ndi anthu, monga cigoba cisunga dzira.

Land Rover, imene inaturuka koyamba mu 1948, ndi ya mtundu woyamba. Thupi lace linapangidwa ndi aluminiyamu cifukwa citsulo cinali cosowa ku Britain itatha nkhondo yaciwiri. Aluminiyamu sacita dzimbiri lofiira, cotero Land Rover yakale inyenga anthu: kunja ioneka yabwino pamene cimango cace ca citsulo cabvunda kumbuyo ndi m'mbali, pamodzi ndi khoma la citsulo lolekanitsa injini ndi woyendetsa. Ndiponso pamene aluminiyamu akhudzana ndi citsulo pali cinyontho, aluminiyamuyo adyeka nasanduka ufa woyera. Ubwino wace ndi wakuti garimoto imeneyi imasulidwa cidutswa-cidutswa, ndipo zimango zatsopano zokutidwa ndi zinki zipangidwabe ku Britain, ngakhale kuti kuzibweretsa kuno kudya ndarama zambiri.

Morris Minor, yopangidwa kuyambira 1948 kufikira 1971, ndi ya mtundu waciwiri. Momwemonso Peugeot 404 ya zitseko zinai, imene inayamba mu 1960 nimveka mbiri popambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Pa magarimoto otere, zitsulo za m'munsi mwa zitseko, za pansi popondapo, ndi za pamene pagwira masipuling'i ndizo mafupa a garimoto. Zikabvunda, garimoto ipindika pakati, zitseko zikana kutsekeka, ndipo pa ngozi thupi liphwanyika ngati citini. Kukonza malo amenewa kufuna mmisiri wodziwa kumanga thupilo kuti lisapotoke pamene alikudula, ndipo ndi nchito ya masabata ambiri.

Volkswagen Beetle iri pakati pa mitundu iwiriyi, pakuti thupi lace limasuka kucoka pa citsulo ca pansi. Malo ace obvuta ndi pansi pa mpando wa kumbuyo, pamene pakhala batire, ndi ngalande ziwiri za m'munsi mwa zitseko zopitamo mpweya wofunda.

Kayesedwe Kace

Woyesa garimoto safuna zida zambiri: nyundo yaing'ono, citsulo cosongoka, maginito, toci, ndi zobvala zimene sadandaula nazo. Ayambe waikokera poyera ndi kutsuka matope onse a pansi. Kulowa pansi pa garimoto yoimikidwa pa jeke yekha kapena pa njerwa ndiko kusewera ndi moyo. Pafunika dzenje la ku garaja kapena zocirikiza za citsulo.

Agogode cimango conse ndi nyundo, kuyambira kutsogolo kufikira kumbuyo. Citsulo cabwino cilira momveka. Cobvunda cilira mogonthera ndipo cigwetsa zinyenyeswa. Pokayikitsa abaye ndi citsulo cosongoka cija, osacita cifundo, pakuti pamene dzanja la munthu liboola sipangapirire maenje a mu mseu. Acotse mphasa za popondapo, aturutse tayala losungira m'buti, ndipo ayang'ane pansi pa batire. Maginito ayendetsedwe pa thupi lonse. Pamene sagwira pali fila, phala louma lija limene amisiri ena amata nalo mabowo asanapake utoto. Pa Land Rover maginito sathandiza pa thupi, popeza sagwira aluminiyamu. Potsiriza atsegule ndi kutseka zitseko zonse, nayang'ane ngati mipata yace iri yolingana.

Munthu amene mtima wace wakodwa kale ndi garimotoyo saona bwino. Nkwabwino kuitana makaniko amene sadzalandira nchitoyo, kumlipira tsiku limodzi, ndi kumvera zimene anena. Safunsa anadya phula.

Mapepala, Zipangizo ndi Petulo

Citsulo cikapezeka colimba, patsala mafunso atatu. Loyamba ndi la mapepala. Nambala yodindidwa pa garimoto iyenera kulingana ndi ya m'buku la umwini. Ngati bukulo linatayika, kapena liri m'dzina la munthu womwalira, nkhaniyo ithe ku ofesi ya boma yolembera magarimoto ndi pa bwalo la abale nchito isanayambe. Garimoto ya masiye ndi cuma ca banja, ndipo abale amene anakhala cete pamene inali ya dzimbiri angathe kukumbukira gawo lao ikayamba kunyezimira.

Laciwiri ndi la zipangizo. Garimoto imene inapangidwa yambiri siisowa zosinthira. Ma Beetle anapangidwa oposa 21 miliyoni. Ku Uitenhage m'South Africa anawapanga kuyambira 1951 kufikira 1979, ndipo yotsiriza inaturuka ku Mexico mu 2003. Peugeot 404 inalumikizidwabe ku Kenya kufikira 1991, ndipo Nissan 1400 yonyamula katundu inapangidwa ku South Africa kufikira 2008. Za magarimoto otere zipangizo zipezeka. Koma garimoto yosowa, imene galasi lace la kutsogolo kapena nyali yace siipezeka pena pali ponse, itha kuima zaka cifukwa ca kanthu kamodzi.

Lacitatu ndi la petulo, amene anasintha. Petulo wokhala ndi mtobvu analeka kugulitsidwa m'maiko a kuno, ndipo injini zina zakale zifuna kukonzedwa pokhalira mavalavu kapena kuthiridwa mankhwala apadera kuti zisadyeke. Ku Malawi petulo asakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1982, ndipo ku Zimbabwe asakanizanso. Ethanol aononga mipaipi yakale ya mphira, cotero yonse iyenera kusinthidwa, kuopa moto. Thanki yakale ya petulo isayandikizidwe ku moto woocherera ngakhale ioneke youma, ndipo pfumbi la mabuleki akale lisapumidwe, pakuti ambiri anali ndi asbestos, woononga mapapo.

Kuwerenga Mtengo

Tsopano mwini atenge pepala nalembe zonse: kudula ndi kuocherera, mabuleki, ciongolero, mawaya, matayala, injini, mipando, utoto, ndi msonkho wa zipangizo zoitanitsa kunja. Asiyenso ndarama zapadera, cifukwa utoto ukacotsedwa dzimbiri lina lidzaonekera ndithu. Kenaka afunse mtengo wa garimoto ya mtundu womwewo imene irikuyenda bwino. Kawiri-kawiri adzapeza kuti kugula yoyenda nkotsika mtengo koposa kuutsa yobvunda, ndi kuti ndarama zolowa m'garimoto wamba sizibwerera zonse poigulitsa. Ofuna phindu acenjere pamenepa. Walira mvula walira matope.

Komabe si zonse ziyesedwa ndi phindu. Munthu atha kufuna kuti garimoto imene inanyamula atate ace kunka ku nchito zaka makumi awiri iyendenso, ndipo cifukwa cimeneci ncokwanira, malinga adziwe kuti alikugula cikumbutso, ndi kuti ndaramazo sizicotsedwa pakamwa pa ana.

Njira zotsala ndi zitatu. Ngati dzimbiri liri la pamwamba, cimango ncolimba, mapepala ali bwino ndipo zipangizo zipezeka, garimotoyo iyenera kukonzedwa. Ngati mabowo ali ocepa ndipo ali kutali ndi pogwira magudumu, ikonzedwe kuti iyende mosaopsa, za kukongola zidikire. Koma ngati citsulo cabvunda pogwira masipuling'i, pogwira ciongolero ndi m'munsi mwa zitseko monse, mwini ailole ipite. Injini yace, magalasi, nyali ndi zitseko zidzautsa garimoto ina, ndipo cotsala cigulitsidwe kwa ogula zitsulo.

Wosankha kukonza atsate dongosolo ili: citsulo poyamba, kenaka mabuleki ndi ciongolero, pambuyo pace injini ndi mawaya, utoto potsiriza. Asamasule garimoto yonse tsiku limodzi, pakuti magarimoto ambiri anafera m'makatoni, mabauti atasokonekera ndipo mwini atatopa. Cidutswa ciri conse cocotsedwa cijambulidwe ndi kulembedwa dzina. Ndipo ngati ndarama sizinakwane caka cino, garimotoyo icotsedwe pa udzu, itsukidwe pansi, iikidwe pa simenti pansi pa denga lopita mphepo, osaikuta ndi pulasitiki amene asunga cinyontho. Ikasungidwa cotero, dzimbiri liyenda pang'ono kwambiri, ndipo mwini apeza nthawi yosonkhanitsa ndarama ndi yofunsa amisiri.