KAPAIPI KA CHAKUDYA SI MDANI

Ine kwathu ndi ku Mughese, kumapiri a Misuku m'boma la Chitipa, kumene timalima khofi ndi nthochi. Ndifuna kukufotokozerani chinthu chimene ndidachiona ndi maso anga pa tchuthi, pamene ndidali kuthandiza amayi kudwazika amalume.

Amalume adayamba ndi kachilonda pa lilime. Tonse tidati kapola. Patapita miyezi mawu awo adasasa, pakhosi padatuluka chotupa, ndipo nsima idayamba kuwakanika. Ku chipatala cha Chitipa adawatumiza ku Mzuzu, ndipo a ku Mzuzu adawatumizanso ku Lilongwe. Kumeneko adatiuza kuti ndi khansa. Khansa ya mtundu umenewu imagwira m'kamwa, lilime, kholingo ndi m'mphuno, ndipo kawirikawiri imadza chifukwa cha fodya ndi mowa waukali monga kachasu, kapenanso kachilombo kotchedwa HPV.

Kale odwala ofunika kuwotchedwa chotupa ndi makina anali kupita kunja, monga ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku India. Koma mu 2024 chithandizo chimenechi chidayamba ku Blantyre, ndipo mu 2025 chipatala cha boma cha khansa chidatsegulidwa pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Munthu amalowa m'makinamo masiku 5 pa sabata, kwa masabata 6 kapena 7. Kwa ife a kutali, ndiye kuti kukhala kuchipatala nthawi yonseyo, pakuti kwathu sikuyendeka tsiku limodzi.

Tsono vuto lili apa. Mphamvu imene ipha khansa imapsetsanso m'kamwa ndi pakhosi, malovu nauma, kotero kuti ngakhale madzi amawawa pomeza. Munthu akaleka kudya amaonda, thupi limafooka, ndipo madokotala angakakamizike kuimitsa chithandizo pakati. Ndicho chifukwa chake amaika kapaipi ka chakudya. Kali mitundu iwiri. Koyamba n'kopyapyala ndi kofewa, kamalowa pamphuno n'kutsika mpaka m'mimba. Aka n'ka masabata ochepa. Kachiwiri amakaika poboola pang'ono pamimba, ndipo n'ka munthu amene adzalephera kumeza kwa nthawi yaitali.

Pamene adokotala adatchula kapaipi, agogo adakana pa lamya. Adati, "Mwana wanga asamuike chimenecho, pakuti onse amene ndidawaona nacho adamwalira." Mawu otere ndawamva kwa anthu ambiri kwathu. Ine ndidawayankha mwaulemu kuti, "Agogo, anthu aja sadafe ndi kapaipi ayi. Adafika kuchipatala matenda atakula kale. Amalume njala ikuwatha tikuona." Patapita masiku awiri adavomera.

Anamwino adatiphunzitsa kadyetsedwe kake. Poyamba kusamba m'manja ndi sopo. Wodwala akhale tsonga, asagone chagada, kuti chakudya chingabwerere n'kulowa m'mapapo. Phala la likuni likhale lamadzimadzi, losefa bwino ndi lofunda chabe; tinali kuthiramo mkaka. Tinali kulowetsa pang'onopang'ono ndi sirinji yaikulu, ndipo tisanayambe ndiponso tikatha tinali kutsukamo ndi madzi owiritsa ozizira kuti kasatsekeke. Akatha kudya anali kukhalabe tsonga theka la ola. Kapaipi kakasuntha, kapena wodwala akayamba kutsokomola ndi kubanika, muleke pomwepo ndi kuitana namwino, musakabweze nokha.

Moyo wa gadiyani si wamasewera. Amayi anali kugona pansi pa mkeka, kuphika panja ndi kuchapa, uku mtima uli ku khofi amene adatsala m'munda wosathyola. Amalume anali kuchita manyazi ndi kapaipi kawo, ndipo pobwera alendo anali kuphimba nkhope ndi chitenje. Koma adatsiriza masabata awo onse osadukiza. Pakhosi patapola adayamba kumeza phala ndi nthochi zakupsa, ndipo kapaipi adakachotsa. Amapitabe kukaonedwa ndi madokotala.

Tsono anzanga, mukabwerera kwanu, uzani makolo kuti chilonda cha m'kamwa, kusasa mawu kapena chotupa cha pakhosi zikapitirira masabata 3, apite kuchipatala msanga. Ndipo inu amene mumabisala kuseri kwa hositelo ndi ndudu, ndikanakonda mukanaona wodi imene ine ndidagonamo.

Wophunzira wa Fomu 3