Mbusa wa ku Glasgow ndi Thumba la Osauka

Mwezi wa Febuluwale ukafika, nkhokwe zambiri m'midzi mwathu zimakhala zitaonetsa pansi, pamene chimanga cha kumunda chikadali chosakhwima. Ndiyo nyengo imene anthu amasiya minda yao ikumera udzu napita kukagwira ganyu kwa anzao, kuti abwereko ndi kambale ka ufa kapena madeya. Ndiyonso nyengo imene atumiki a mpingo amasowa tulo. M'thumba la osauka muli ndalama zowerengeka, koma maina a amasiye, okalamba ndi odwala amene akulu a madera abwera nao adzaza pepala lonse. Apatsidwe ndani, ndipo atsale ndani? Nanga wotsalayo tikamuuza chiyani?

Zaka zoposa 200 zapitazo mbusa wina wa ku Scotland analimbana ndi mafunso omwewa, nayesa njira imene anthu akali kuikamba mpaka lero, ena moiyamika, ena moidzudzula. Dzina lake ndi Thomas Chalmers. Kwa ife si mlendo kwenikweni, pakuti ndiye anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Free Church of Scotland, mpingo umene unatumiza amishoni a Livingstonia ku nyanja yathu m'chaka cha 1875.

A Chalmers anabadwa m'chaka cha 1780 ku Anstruther, tauni yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja, ndipo anayamba ubusa pa mpingo wa kumudzi wa Kilmany m'chaka cha 1803. Pa zaka zoyambazo mtima wao unali pa masamu koposa pa nkhosa. Anafika polemba poyera kuti mbusa angathe kutsiriza ntchito yake yonse m'masiku awiri, natsala ndi masiku asanu ochita zimene afuna. Koma atataya mbale wao ndi mlongo wao, iwonso nadwala nthenda yaikulu imene inawagoneka miyezi yambiri, anadzuka ali munthu wina. Anachita manyazi ndi mau aja, nayamba kuyendera nkhosa zao khomo ndi khomo.

M'chaka cha 1815 anaitanidwa ku mpingo wa Tron mu mzinda wa Glasgow. Kumeneko anaona umphawi wa mtundu wina. Anthu anali kuthamangira mumzinda kudzafuna ntchito yoomba nsalu, mabanja athunthu akugona m'chipinda chimodzi, ndipo nkhondo ya Napoleon itatha m'chaka chomwecho malipiro anatsika ndi ntchito inasowa. Poyendera nyumba za m'dera lao anapeza kuti ambiri sanali kuponda m'tchalitchi, ndipo chifukwa china chinali chakuti mipando ya m'tchalitchi inali yolipira. Thandizo la osauka linali kuchokera m'thumba limodzi la mipingo yonse ya mumzinda, ndi lina la msonkho umene akuluakulu a mzinda anali kutolera. Wogawayo sanali kumdziwa wolandira, ndipo wolandirayo sanali kumdziwa wopereka. A Chalmers anakhulupirira kuti thandizo lotere limaumitsa chifundo cha abale ndi anansi, pakuti aliyense amangoti, apite ku ofesi akamthandize.

Tsono m'chaka cha 1819, pamene anapatsidwa mpingo watsopano wa St John's, m'dera la anthu okwana ngati 10,000 amene ambiri anali antchito wamba, anapempha akuluakulu a mzinda chinthu chodabwitsa. Anati mpingowo ausiye usunge zopereka zake, ndipo iwo sadzatumizanso mmphawi watsopano ku thumba la mzinda. Atavomerezedwa, anagawa dera lonselo m'zigawo 25, chirichonse cha mabanja pakati pa 60 ndi 100. Pa chigawo chirichonse anaikapo mkulu wa mpingo woyang'anira za moyo wauzimu, ndi mtumiki woyang'anira za osowa. Udindo wa utumiki unali utazilala m'mipingo yambiri ya ku Scotland, ndipo iwo anaudzutsanso, pokumbukira amuna asanu ndi awiri aja amene mpingo wa ku Yerusalemu unasankha pamene amasiye ena anali kuiwalika pa kugawa chakudya.

Ntchito ya mtumiki inali yotere. Munthu akabwera kudzapempha thandizo, mtumiki sanali kuthamangira kuthumba. Anali kupita kunyumba kwake, nakhala pansi, nafunsa. Choyamba anali kuona ngati munthuyo angathe kugwira ntchito, ndipo ngati angathe, mtumikiyo anali kuyenda yekha kwa eni ntchito kukamfunira malo. Zikalephereka, anali kufunsa za abale: kodi alipo mwana wake amene alandira malipiro, kapena mchimwene wake amene angamsunge? Abalewo anali kuwayendera ndi kuwakumbutsa udindo wao. Pambuyo pake anali kutembenukira kwa anansi, pakuti a Chalmers anaona kuti osauka amathandizana okhaokha koposa m'mene olemera amaganizira. Mai wa khomo loyandikana amapatulako msuzi, wina nasunga ana pamene mnzake ali gone. Kenaka anali kufuna munthu wopata amene angathandize mwakachetechete. Thumba la mpingo linali kutsegulidwa njira zonsezi zitalephera.

Pali kanthu kena kamene awerengi angakadabwe. Pa St John's panali mapemphero a usana, amene anali kudzaza ndi anthu olemera ochokera mbali zonse za mzinda kudzamva mlaliki wotchukayo, ndi mapemphero a madzulo a anthu a m'deralo. Chopereka cha usana chinali chachikulu, cha madzulo chinali timakobiri ta amphawi. Atumiki anapatsidwa cha madzulocho. A Chalmers anachita dala, podziwa kuti mtumiki amene ali ndi thumba lolemera amafulumira kupereka ndalama kuti munthu achoke pamaso pake, koma amene thumba lake liri lopepuka amakakamizika kuyenda, kufunsa ndi kugogoda pa makomo a ena. Chopereka cha usana chinatsalira amphawi akale amene mpingo unawapeza ali kale m'kaundula, ndipo zotsala zinapita ku sukulu.

Poyang'ana ndalama, zotsatira zake zinali zozizwitsa. Kale osauka a m'deralo anali kudyera mzinda mapaundi 1,400 pa chaka. Patapita zaka zinai ndalamazo zinatsika kufika pa mapaundi 280. Mpingo unamanga sukulu ziwiri m'mene munali kuphunzira ana okwana ngati 700, ndipo Sande Sukulu zoposa 40 zinatsegulidwa m'tinyumba ta m'makwalala, mphunzitsi aliyense akusonkhanitsa ana a pafupi naye. Pa sukulu zija kholo lirilonse linali kulipira kangachepe, kuti pasakhale mwana wolozedwa chala kuti aphunzira mwa chifundo cha ena.

Nkhaniyi ikanathera pamenepa ikanakoma, ndipo ambiri amene amaikamba amailekezera pomwepa. Koma kutsika kwa ndalama zogawidwa sikutanthauza kuti njala inatsikanso. Akatswiri a mbiri amene anadzafufuza mabuku a mpingowo pambuyo pake anaonetsa kuti mafunso a atumiki anali kuopsa anthu, kotero kuti ena anasankha kuvutika chamumtima koposa kuululidwa pamaso pa abale ndi anansi. Ife amene tidziwa kulemera kwa manyazi sitingadabwe nazo. Mai wamasiye amene alamu ake anamlanda katundu, kodi angakondwe kumva kuti mtumiki wapita kukapempha thandizo kwa alamu omwewo? Komanso ntchito yonseyo inatsamira pa dzina la munthu mmodzi amene anali kukoka anthu olemera. A Chalmers anachoka m'chaka cha 1823 kukaphunzitsa pa yunivesite ya St Andrews. Atumiki anapirira zaka zina, koma m'chaka cha 1837 mpingowo unabwerera ku njira ya mzinda wonse.

Amene anawatsutsa kwambiri anali dokotala wa ku Edinburgh, William Pulteney Alison, munthu amene anatha zaka zambiri akulowa m'nyumba za amphawi kuchiza malungo oopsa amene anali kusesa makwalala athunthu. M'chaka cha 1840 dokotalayu analemba kuti usiwa ndi njala ndizo zimatsegulira matenda khomo, ndi kuti munthu amene wachotsedwa ntchito chifukwa fakitale yatsekedwa sali waulesi. Fakitale ikatsekedwa, mbale wake ndi mnansi wake yemwe amakhalanso opanda ntchito. Tsono mtumiki akagogode kwa yani? Anati pafunika lamulo lokakamiza onse opata kupereka msonkho wa osauka. Awiriwa anatsutsana poyera, onse ali anthu achifundo, onse akudziwa makomo a amphawi ndi mapazi ao. Zochitika zinaweruza mlanduwo msanga. M'chaka cha 1843 Mpingo wa Scotland unagawanika, abusa oposa 450 natuluka pamodzi ndi a Chalmers, ndipo zopereka za pakhomo la tchalitchi sizinathenso kusenza osauka a dziko lonse. M'chaka cha 1845 boma linakhazikitsa lamulo lopatsa mabungwe a m'madera mphamvu yotolera msonkho wa osauka.

A Chalmers sanagwe mphwayi. Ali ndi zaka 64 anayambanso ntchito yonga ija ku West Port, dera losaukitsitsa la mu Edinburgh, natsegula sukulu m'chipinda cha pamwamba pa nyumba yakale yofufutiramo zikopa. Koma m'chaka cha 1846 chiwawu chinaononga mbatata kumapiri a kumpoto kwa Scotland, monga chinachitira ku Ireland, ndipo anthu anayamba kuvutika ndi njala. Free Church inasonkha ndalama ndi kutumiza ufa. Nkhalamba ija, imene moyo wake wonse inakana thandizo la msonkho, inalemba m'chaka cha 1847 kuti njala yotere ifunika dzanja la boma. Anamwalira m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho. Ine ndiyesa kuti pa zonse zimene anachita, kuvomera kumeneku ndiko kunafuna kulimba mtima koposa.

Mmalawi akawerenga za njira ya atumiki a ku St John's angathe kumwetulira, pakuti zambiri makolo athu anazidziwa osapita ku Glasgow. Pa maliro khomo lirilonse limatulutsa ufa ndi nkhuni popanda wolemba kalata. Munda wa wodwala unali kulimidwa pa dima. Mwana wamasiye anali kupeza mphasa kwa amalume kapena kwa agogo, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amai a Chigwirizano, a Mvano ndi a Umanyano akhala zaka zambiri akutungira madzi okalamba, kuwazirira nyumba ndi kukhala pambali pa odwala m'zipatala, ndipo palibe anawerengapo mtengo wa ntchito imeneyo m'makwacha.

Koma phunziro la dokotala uja nalonso talilawa. Okalamba akumbukira njala ya 1949, pamene mabanja anapasuka chifukwa panalibe wotsala ndi chakudya choti agawire mnzake. Ambiri a ife tinaona ya 2002. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, napha anthu mazanamazana, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Pa tsiku lotere nkhokwe ya mnansi imakokoloka pamodzi ndi yako, ndipo thumba la osauka la mpingo silingagule ngakhale mabulangete a mudzi umodzi. Pamenepo pafunika boma, mabungwe, ndi mipingo ya kutali imene madzi sanaifike. Mbusa kapena mkulu wa mpingo amene achita manyazi kukalembetsa anthu ake kwa akuluakulu a boma, poganiza kuti kutero nkuchepetsa mpingo, akulakwira nkhosa zake.

Nchosangalatsa kuona kuti ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006 ndi kufalikira m'maboma onse, inatenga mbali ya aliyense wa anthu awiri aja. Ndalama zinachokera ku boma ndi kwa abwenzi ake, monga anafunira dokotala. Koma pofuna kudziwa mabanja osaukitsitsa, amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, anadalira makomiti a anthu a m'midzi momwemo, amene adziwa khomo lirilonse monga anachitira atumiki a mbusa uja. Madandaulo a kukondera sanalephere kumveka, ndipo ife a mumpingo tisafulumire kuloza chala, pakuti nafenso pogawa matumba a ufa dzina la mbale wa mkulu wa mpingo limatha kukwera pamwamba, ndipo wa mpingo wina kapena wosapemphera amatha kuiwalika. Pa ichi a Chalmers anaima nji: mtumiki anapatsidwa makomo onse a m'chigawo chake, a opemphera pa St John's ndi a osapemphera omwe.

Chigawo cha mabanja 60 kapena 100 sichisiyana kwenikweni ndi mlaga kapena dera la mkulu wa mpingo kwathu kuno. Atumiki a ku Glasgow anali anthu a ntchito zao, amalonda ndi alembi, ndipo atafunsidwa anayankha kuti akazolowerana ndi anthu ao, ntchitoyo inali kuwatengera maola ochepa pa mwezi. Achinyamata athu amene Loweruka masana amasowa chochita angathe kuperekeza mtumiki pa ulendo wotere, atanyamula khasu, chikwakwa kapena ndowa. Pa pepala lija la mwezi wa Febuluwale pamalembedwa kawirikawiri maina a anthu amene anatha kuyenda kudzadandaula. Dzina la agogo amene miyendo inaleka kuwanyamula, kapena la mtsikana wa zaka 14 amene akulera abale ake yekha, limafika pa pepalapo wina akapita kukaodira pakhomo pao, nasuzumira m'khitchini ndi kuona kuti phulusa la pa mafuwa ndi la dzana.