Alendo a tsiku limodzi ku Durban: ndalama zao zitsala kwa yani?

M'miyezi ya dzinja, pamene ife kuno tili kalikiliki ndi kupalira, pa khomo la doko la Durban ku South Africa pamatulukira m'mamawa cinthu cimene munthu wa kwathu angaciyese phiri loyera loyenda pamadzi. Imeneyi ndi sitima ya alendo okaceza. Imalowa pang'onopang'ono, nimangidwa ndi zingwe zonenepa ngati mwendo wa munthu. Pofika 8 koloko, mabasi amakhala atandandalika panja, ndipo anthu mazanamazana amatsika atakoleka makamera m'khosi. Pofika 17 koloko onse abwerera, sitima yaliza lipenga, yapita.

Makolo anati mlendo ndi mame. Alendo a pa sitima ndiwo mame enieni, pakuti ambiri a iwo sagona mumzinda ngakhale usiku umodzi. Tsono funso limene tifuna tione pamodzi ndi ili: pa maola ocepa amenewa, ndani amene amapindula? Ife a ku Zambia tilibe nyanja ya mcere, koma doko la Durban si lacilendo kwa ife. Mkuwa wathu wina umatulukira kumeneko, ndipo katundu wambiri wa m'masitolo athu amalowera komweko asanakwezedwe pa malole. Nkhani ya wogulitsa wamng'ono amene aona ndalama zikudutsa pakhomo pake ndi nkhani imene mlimi aliyense aidziwa.

Mudzi woyandama

Kuti timvetse bwino, tiyambe ndi sitimayo. Queen Mary 2, imene yafikapo ku Durban kangapo, ndi yotalika mamita 345, kuposa mabwalo atatu a mpira ataikidwa mondondozana. Imanyamula alendo oposa 2,500 ndi anchito oposa 1,000. M'kati muli zipinda zogona, malo odyera, maiwe osambira, masitolo, cipatala caching'ono ndi malo a zisudzo. Mlendo amalipiriratu cipinda ndi cakudya asanakwere. Mfundo imeneyi tiisunge, cifukwa munthu amene nsima yake yalipiridwa kale pa sitima safulumira kukagula cakudya kumtunda.

Sitima zofika ku Durban zili mitundu iwiri. Zina ndi zongodutsa, zimene zili pa ulendo wautali wozungulira dziko. Zimafika m'mawa ndi kucoka madzulo, ndipo alendo ake ambiri ndi acikulire a ku Ulaya ndi ku America. Zina ndi zimene zimayambira ulendo pa Durban pomwepo, makamaka za kampani ya MSC Cruises, imene likulu lake lili ku Geneva. Kuyambira ca mu Novembala kufika ca mu Epulo, sitima zake zimatenga anthu a ku South Africa ndi maiko oyandikana nao kupita nao masiku atatu kapena anai ku gombe la Mozambique, ku Portuguese Island kufupi ndi Maputo ndi ku Pomene, kapena ulendo wotalikirapo wa ku Mauritius.

Kwa zaka zambiri alendo anali kutsikira mu shedi yakale ya katundu yochedwa N Shed. Tsopano kuli nyumba yatsopano yolandirira alendo ku dera la Point, imene inamangidwa ndi MSC pamodzi ndi anzake a bizinesi a ku South Africa pa ndalama zoposa marandi 300 miliyoni. Pulezidenti Cyril Ramaphosa anaitsegula mu Novembala 2023, ndipo inapatsidwa dzina la Nelson Mandela. Doko lenilenilo ndi la boma, liyendetsedwa ndi Transnet, imene imalandira ndalama pa sitima iliyonse yolowa.

Kumene mabasi amapita

Zoona ku Durban n'zambiri. Pafupi ndi doko pali uShaka Marine World, malo oonetsera nsomba ndi zamoyo zina za m'nyanja, amene anatsegulidwa mu 2004. Pali bwalo la mpira la Moses Mabhida, limene linamangidwira mpikisano wa World Cup wa 2010. Pali munda wa maluwa ndi mitengo wa Durban Botanic Gardens, umene unayamba mu 1849 monga malo oyeserapo mbeu. Pali msika wa Victoria Street, kumene fungo la tsabola ndi zokometsera ndiwo za Amwenye limamveka munthu akali panja.

Amene afuna kutuluka mumzinda amapita ku Valley of a Thousand Hills kukaona magule a Azulu, kapena ku Inanda, kumene kuli mudzi wa Phoenix umene Mahatma Gandhi anayambitsa mu 1904, ndi sukulu ya Ohlange ya John Dube, kumene Nelson Mandela anaponyera voti yake pa 27 Epulo 1994. Ena amalimba mtima kukhala m'basi maola pafupifupi atatu kupita, atatu kubwerera, kuti akaone zipembere ku Hluhluwe-iMfolozi.

Apa ndi pamene pali nkhani. Maulendo a kumtunda amenewa amagulitsidwa pa sitima pomwepo, kapena pa intaneti mlendo asananyamuke kwao. Kampani ya sitima imapangana ndi kampani imodzi kapena ziwiri zazikulu za kumtunda kuti zikonze mabasi ndi operekeza alendo. Mlendo amalipira kwa eni sitima, iwo amacotsapo gawo lao, otsalawo n'kupereka kwa kampani ya kumtunda, imenenso imacotsa lake isanalipire woyendetsa basi, woperekeza ndi ovina. Ndalama imene yacoka m'thumba la mlendo ili yathunthu imafika kwa womenya ng'oma itangotsala nyenyeswa. Alimi amene anagulitsapo cimanga kwa ogula a pa sikelo ya m'mbali mwa mseu, n'kudzamva mtengo wa unga m'tauni, adziwa zimene tikunena.

Nanga bwanji mlendo osangotsika yekha, n'kukwera takisi ya munthu wamba? Ena amatero, koma ambiri amaopa zinthu ziwiri. Coyamba ndi nthawi. Basi ya ulendo wogulidwa pa sitima ikacedwa, sitima imadikira. Munthu amene wapita payekha akacedwa amasiyidwa, ndipo ayenera kudzilipirira ndege yokakumana ndi sitimayo pa doko lotsatira. Caciwiri ndi mbala. Alendo amacenjezedwa asanatsike kuti asayende okha m'kati mwa tauni ndi mafoni kapena mikufu poonekera. Motero ambiri amauona mzinda ali pa zenera la basi, n'kutsika pa malo awiri kapena atatu okha amene anasankhidwa kale. Mai wogulitsa mikanda amene ali pamene basi imaima adzagulitsa. Mnzake amene ali mseu wacitatu kucokera pamenepo adzangoona fumbi.

Ku Portuguese Island nkhani ndi yoonekeratu. Pa cisumbu cimeneci sipakhala anthu. Alendo amatsitsidwa ndi maboti aang'ono, ndipo cakudya ca masana cimakonzedwa ndi eni sitima. Anthu a ku cisumbu capafupi ca Inhaca amaoloka ndi nsalu, zosemasema ndi zina zogulitsa, ndipo ena amatenga alendo pa maboti ao. Amapezapo kangacepe ndithu, koma mphika waukulu umabwera ndi sitima ndipo umabwerera nayo.

Zimene amalonda a ku Warwick anacita

Sikuti anthu wamba alibe cocita. Pa Warwick Junction, pamene masitima a pamtunda, mabasi ndi matakisi a Durban amakumanirana, pali misika isanu ndi inai yolumikizana ndi amalonda zikwi zingapo. Kuli msika wa ndiwo zamasamba wochedwa Early Morning Market, wa mankhwala azitsamba, wa mikanda, wa dothi, ndi wina wa amai ophika mitu ya ng'ombe. Mu 2009 khonsolo ya mzinda inafuna kugwetsa msika wa ndiwo kuti pamangidwe masitolo akuluakulu. Amalonda anakana, nkhani inafika ku khoti, ndipo pomaliza ganizolo linasiyidwa.

Pa nthawi yomweyo, mothandizidwa ndi bungwe la Asiye eTafuleni, amalondawo anayamba ulendo wao woyenda pansi wochedwa Markets of Warwick, pokonzekera alendo a World Cup ya 2010. Operekeza alendo ndi amalonda eni ake, amene anaphunzitsidwa nchitoyo. Malo amene mlendo anali kuuzidwa kuti asapondeko anasanduka malo amene amalipira kuti awaone, ndipo akagula canthu, ndalama imalowa m'dzanja la wogulitsa popanda wina pakati. Wamalonda mmodzi sakanatha kutsimikizira mlendo kuti adzayenda bwino ndi kubwerera pa nthawi yake. Gulu linatha. Mutu umodzi susenza denga.

Pa gombe la Durban pali citsanzo cina, ca anthu okoka ngolo za rikisho. Ngolozi zinabwera m'zaka za m'ma 1890 ndi Marshall Campbell, mwini minda ya nzimbe, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 zinalipo zoposa cikwi, zikunyamula anthu ndi katundu. Magalimoto atabwera nchito inatha. Lero atsala ocepa, ovala zisoti zazikulu za nyanga ndi mikanda, ndipo cakudya cao cidalira alendo basi. Tsiku lopanda alendo ndi tsiku lopanda ndiwo.

Nanga mlimi?

Ndalama zazikulu zimene sitima imasiya pa doko sizioneka ndi maso a munthu woima pa gombe. Zimalowera ku khomo la kumbuyo, kumene malole amatsitsa mafuta, madzi ndi cakudya. Tiyeni tiwerengere tokha. Ngati pa sitima pali anthu 3,500, alendo ndi anchito pamodzi, ndipo aliyense adya mazira awiri pa tsiku, ndiye kuti afunika mazira 7,000, amene ndi mathireyi oposa 230. Pa ulendo wa masiku anai ndi mathireyi oposa 900. Tiike pamenepo matimati, anyezi, kabichi, mbatatisi, zipatso, nkhuku ndi mkaka. Umenewu ndi msika umene mlimi aliyense angaulakelake.

Koma sitima sigula pa mulu. Imagula kwa makampani opereka katundu pa doko, amene amafuna zinthu zambiri nthawi imodzi, zofanana kukula, zosungidwa mozizira, zokhala ndi zikalata za ukhondo, ndipo zofika pa ola lopanganidwa. Sitima sidikira lole imene yafa pa mseu. Mlimi wa dimba limodzi sangakwanitse zimenezi ngakhale matimati ake akome bwanji. Alimi makumi atatu ogwirizana, amene agawana masabata obzala kuti mbeu isapse nthawi imodzi, amene ali ndi malo amodzi osankhira ndi kulongedza, angathe kugogoda pa khomo limenelo. Apa ndi pamene tionanso kusiyana kwa mitundu iwiri ija ya sitima. Yoyambira ulendo pa Durban imadzaza nkhokwe zake pomwepo sabata ndi sabata, ndipo alendo ake ena amagona m'mahotela a mumzinda asanakwere. Yongodutsa imathandiza mabasi ndi ogulitsa mikanda tsiku limodzi, n'kupita.

Msika wosadalirika

Tisaiwale kuti malonda amenewa ali ngati mvula ya masiku ano. Mu Malichi 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa sitima zonse za alendo, ndipo ku South Africa sizinayambenso mpaka kumapeto kwa 2021. Operekeza alendo, oyendetsa mabasi ndi osema ziboliboli anakhala manja lende kuposa caka. Mu Epulo 2022 madzi osefukira anapha anthu oposa 400 ku KwaZulu-Natal ndi kuononga mipope ya zonyansa, kotero kuti magombe ena a Durban anatsekedwa kwa miyezi cifukwa madzi anali oipa. Kenaka, kuyambira kumapeto kwa 2023, zigawenga za ku Yemen zitayamba kuombera sitima pa Red Sea, makampani ambiri anasintha njira n'kumazungulira kumwera kwa Africa. Madoko a South Africa analandira sitima zimene sanaziyembekezere, ngakhale zina zinafika zopanda alendo, kudzangomwa mafuta. Nkhondo ya kutali inabweretsa malonda, ndipo mtendere wa kutali ungawacotsenso.

Palinso za utsi ndi kuculukana. Sitima ikaima pa doko nthawi zambiri sizimitsa injini zonse, cifukwa magetsi a mudzi wonse woyandamawo acokera mmenemo. Walira mvula walira matope. Ku Italy, boma linaletsa sitima zazikulu kulowa pakati pa mzinda wa Venice kuyambira pa 1 Ogasiti 2021, anthu atadandaula kwa zaka zambiri za mafunde ogumula maziko a nyumba ndi makamu odzaza tinjira. Durban ndi mzinda waukulu ndipo sunafike pamenepo, koma phunziro lilipo: kuwerenga mitu ya otsika sikokwanira, ciyenera kuwerengedwa ndi cimene catsala m'matumba a eni mudzi.

Ena mwa alendo a pa sitimazi amafika ndi kuno, pakuti makampani ena amawagulitsa ulendo wa pa ndege wodzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Naonso amabwera atalipiriratu zonse kutali, amayenda m'basi imodzi, ndipo amaima pamene wina anawasankhira. Malo ogona alendo a ku Livingstone ndi ku Mfuwe amafuna ndiwo ndi mazira mofanana ndi sitima ija: zokwanira, zaukhondo ndi zofika pa tsiku lake.

Tsono inu a m'makopaletivu ndi m'magulu a amai, pa msonkhano wanu wotsatira funsanani mafunso atatu. Kodi wogula wamkulu amene ali pafupi nafe ndani? Kodi afuna zinthu zoculuka bwanji pa sabata, ndipo pakali pano azigula kwa yani? Kodi tifunika kukhala angati kuti timukwanitse caka conse osaphonya? Amalonda a ku Warwick anayambira pa mafunso otere, ali pa msika umene unatsala pang'ono kugwetsedwa.