Kuphunzira Cijapani pa Yunivesite

Munthu wodziwa Cinyanja sabvutika kuchula mau a Cijapani, pakuti mavawelo ace ndi asanu omwewo, a, i, u, e, o, ndipo mau ambiri amathera pa vawelo. Phiri amati yama, mtsinje amati kawa. Cobvuta cili pa kalembedwe.

Ajapani amalemba ndi mitundu itatu ya zilembo, zonse pa tsamba limodzi. Mitundu iwiri, hiragana ndi katakana, ili ndi zilembo 46 uliwonse, ndipo wophunzira wakhama amaitha m'masabata owerengeka. Mtundu wacitatu, kanji, unacokera ku China, ndipo ndiwo umatha zaka. Cilembo ca kanji cimaimira tanthauzo, koma kachulidwe kace kamasintha. Ca phiri cikakhala cokha ciwerengedwa yama, koma m'dzina la phiri lochuka lija, Fujisan, ciwerengedwa san. Mwana wa ku Japan amaphunzira kanji 1,026 pa zaka 6 za ku pulaimale, ndipo mu 2010 boma linaika kanji 2,136 kuti ndizo zogwiritsa nchito masiku onse. Mlendo woyamba Cijapani atakula ayenera kuthamangira zimene anawo anazitola pang'ono pang'ono.

Cifukwa cace digiri ya Cijapani ku Oxford, ku England, imatenga zaka 4, pamene madigiri ambiri kumeneko ndi a zaka 3. Caka coyamba ndi ca galamala ndi zilembo. Caka caciwiri ophunzira amapita ku yunivesite ya Kobe ku Japan, nabwerako kudzawerenga mabuku akale ndi atsopano pamodzi ndi mbiri ya dzikolo. Ku Cambridge ulendowo umacitika caka cacitatu. M'mayunivesite ena munthu angathe kuphatikiza Cijapani ndi phunziro lina, monga zacuma kapena mbiri.

Ulendo wa ku Japan suli wongokaona malo ai. Cijapani cili ndi mau aulemu ocuruka, ochedwa keigo, oposa kusiyana kwa iwe ndi inu. Kudya ndi taberu. Koma ponena za mlendo wolemekezeka amati meshiagaru, ndipo munthu podzicepetsa pamaso pa wamkulu amati itadaku. Buku lingaphunzitse mau atatuwa tsiku limodzi, koma silingamuonetse wophunzira nthawi yonenera lililonse. Zimenezo amazimva m'sitolo, m'sitima, ndi pa cakudya m'nyumba za eni cinenero. Akasokoneza, nadzinenera yekha mau oyenera mlendo, amveka wodzikuza ngakhale mtima wace uli wofatsa.

Kuyambira 1954 boma la Japan limalipirira ophunzira ena a maiko akunja, ndipo a ku Zambia amapempha mwai umenewu ku ofesi ya kazembe wa Japan mu Lusaka. Palinso mayeso a Cijapani a alendo, amene anayamba mu 1984. Ali ndi magawo 5, kuyambira N5, lapafupi, kufikira N1, limene limafuna kuti munthu athe kuwerenga nyuzipepala ya ku Tokyo.