Galimoto imafera pomwe dzanja silifika

Mvula ikagwa masiku awiri, tinjira ta m'midzi ya ku Namitambo ndi ku Thumbwe timasanduka phala. Apa mpomwe Land Rover yakalekale, ija anyamata amaiseka pa Njuli kuti ndi ya agogo, imapeza ulemu: imadutsa pomwe Sienta yatitimira.

Koma galimoto zakale za ku Britain zili ndi khalidwe limodzi, zimabisa malo ofunika chisamaliro. Taonani MGB, galimoto ya mipando iwiri yomwe inatuluka mu 1962. Zoyambirira zinali ndi mabatire awiri a 6 volts pansi, kuseri kwa mipando, moti ambiri ankaiwala kuwaonjezera madzi. Jaguar E-Type ya 1961 ndiye inanyanya: mabuleki akumbuyo ali mkati, pafupi ndi difu, osati ku matayala. Pa Triumph Spitfire pali kachitsulo kotchedwa trunnion kumunsi kwa tayala lakutsogolo. Kakauma, chitsulo chimathyoka ndipo tayala limapindikira pansi pa galimoto.

Zimenezi sitiziona kuno, koma m'bale wake Land Rover, yemwe anayamba kupangidwa mu 1948, matenda ndi omwewo. Pa za mtundu wa Series pali steering relay, yokwiriridwa mu chasisi kutsogolo, kunsi kwa rediyeta. Imafuna oyilo, koma poti njovuta kufikira, imatha zaka osaonedwa. Chiwongolero chikayamba kulimba, mwini wake amangoti ndi ukalamba. Pansi pali timabowo topopera girisi pa propshaft, ndipo matope akamata sitioneka n'komwe. Onjezani oyilo wa mu transfer box ndi wa m'zibulunga zowala zija kuseri kwa matayala akutsogolo.

Vuto ndi lakuti ambirife tikati sevisi timangotanthauza oyilo wa injini ndi fyuluta. Makaniko akagwira pamwamba pokha, ndalama mwalipira, koma galimoto ikudyekabe kunsi. Tsiku lomwe idzakane kukhota itanyamula matumba a nandolo ndi anthu, sipadzakhala yobweza.

Ndiye inu amene mwasiyiridwa galimoto ya malume, kapena mukuphunzira umakaniko, yambani mwatsuka kunsi. Tsitsani buku la galimotoyo pa foni, muwerenge malo onse othira oyilo ndi girisi. Ku galaja musachite manyazi, nenani kuti: “Bwana, tandionetsani pomwe mwapopa.” Makaniko woona sakwiya, amakutengani n'kulowa nanu pansi.