Agalu Otsata Alendo m'Mapiri a ku Nepal

Lero tiwerenga za agalu opanda mwini amene amatsata alendo m'mapiri. Nkhaniyi ndi ya dziko lakutali, koma galu tonse timamudziwa. Tiyeni tiwerenge pang'onopang'ono, kenaka tikambirane.

Dziko la mapiri

Nepal ndi dziko la ku Asia. Lili pakati pa India ndi China. Kumeneko kuli mapiri a Himalaya. Phiri lalitali koposa onse pa dziko lapansi lili komweko. Dzina lake ndi Everest, ndipo kutalika kwake ndi mamita 8,849. Kuno ku Mozambique phiri lalitali koposa ndi Binga, ku Manica. Kutalika kwake ndi mamita 2,436. Ngakhale titasanjikiza mapiri atatu onga Binga, sitingafike pansonga pa Everest.

Chaka ndi chaka alendo ochokera m'maiko ambiri amapita ku Nepal pa nthawi ya tchuthi. Amayenda pansi m'mapiri kwa masiku ambiri. Amagona m'nyumba za alendo kapena m'matenti. Eni dziko, monga anthu a mtundu wa Sherpa, amawalondolera njira ndi kuwanyamulira katundu. Imeneyi ndiyo ntchito yawo yopezera ndalama.

Pa maulendo amenewa pamabwera mnzawo wina wosaitanidwa. Alendo akamatuluka m'mudzi m'mawa, amangoona galu ali pambuyo pawo. Akapuma, iye apuma. Akanyamuka, iye anyamuka. Galu wina amawatsata tsiku limodzi, wina masiku angapo. Pambuyo pake amabwerera ndi gulu lina la alendo.

Galu wotchedwa Mera

M'chaka cha 2018, gulu lina la okwera mapiri linali kutsika phiri la Mera. Mtsogoleri wawo anali Don Wargowsky wa ku America. M'njira anakumana ndi galu wamkazi wopanda mwini. Galuyo anayamba kuwatsata, ndipo anamutcha dzina la phirilo, Mera.

Gululo linapita kukakwera phiri lina, la Baruntse. Phirili ndi la mamita 7,129. Kumwamba kwake kumazizira kwambiri kotero kuti madzi amaundana, ndipo mpweya ndi wochepa. Anthu amakwera atavala zovala zochindikala ndi nsapato zolimba, atagwira zingwe. Mera analibe chovala kapena nsapato. Mapazi ake anachita zilonda, koma sanabwerere. Mtsogoleri uja ankagona naye m'tenti ndi kugawana naye chakudya. Pa 9 November 2018 Mera anafika pansonga pa phirilo pamodzi ndi anthu.

Ulendo utatha panali funso: kodi galuyu apita kuti? Mmodzi wa antchito a ulendowo, mwini dziko, anamutenga kukamusunga kunyumba kwake. Anamupatsa dzina latsopano, Baru. Mera anapeza mbuye. Agalu ambiri otere sapeza mwayi umenewu. Alendo akakwera ndege, galu amatsala yekha kutali ndi kumene anachokera.

Chifukwa chiyani galu amatsata mlendo?

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Galu wotsata alendo nayenso ali ndi zifukwa zake.

Choyamba ndi njala. Mphuno ya galu imamva fungo koposa ya munthu. Iye amadziwa kuti m'katundu muli chakudya. Mlendo akamuponyera kachidutswa kamodzi, galu saiwala.

Chachiwiri ndi mantha. Galu woyenda yekha amalumidwa ndi agalu a midzi ina. M'nkhalango za ku Nepal mulinso anyalugwe amene amagwira agalu. Pakati pa anthu iye amatetezeka.

Chachitatu ndi chibadwa. Galu wakhala ndi munthu kwa zaka zikwi zambiri. Sakonda kukhala yekha. Akasowa mbuye, amafuna wina.

Anthu a ku Nepal amalemekeza agalu. Ali ndi tsiku lotchedwa Kukur Tihar. Pa tsikuli amaveka agalu nkhata za maluwa m'khosi, amawapaka chizindikiro chofiira pamphumi, ndi kuwapatsa chakudya chabwino. Ngakhale agalu a m'misewu amalandira ulemu umenewu.

Ngozi ya chiwewe

Komabe galu wopanda mwini, ngakhale akhale wofatsa, palibe amene angatsimikize kuti analandira katemera. Apa ndipo pali ngozi. Matenda a chiwewe aliko ku Nepal, ndipo aliponso kuno kwathu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, likuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse. Ambiri mwa iwo ndi a ku Africa ndi ku Asia, ndipo ambiri ndi ana. Pafupifupi onse amachitenga kwa agalu.

Chiwewe chimakhala m'malovu a galu wodwala. Chimalowa m'thupi galu akaluma munthu, akamukanda, kapena akanyambita pabala. Chimayenda m'mitsempha mpaka ku ubongo. Munthu amatha milungu kapena miyezi osamva kanthu. Bala limapola, iye nkuiwala. Koma zizindikiro zikayamba, monga kuopa madzi ndi kusokonezeka mutu, kuchira kumakhala kosatheka. Nchifukwa chake alendo opita m'mapiri amalangizidwa kuti asaseweretse agalu osawadziwa. M'mapiri chipatala chili kutali, monganso m'midzi yathu yambiri.

Zoyenera kuchita

Galu akakulumani, tsukani bala nthawi yomweyo ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15. Musathire dothi, phulusa kapena tsabola. Mukatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Katemera wa chiwewe anayamba kupulumutsa anthu m'chaka cha 1885, pamene mnyamata wolumidwa ndi galu anabayidwa katemera wa Louis Pasteur wa ku France. Katemerayu amagwira ntchito munthu akalandira msanga ndi kumaliza majekeseni onse.

Galu wanu mupite naye kukalandira katemera alangizi a ziweto akaitana. Agalu 7 mwa agalu 10 aliwonse akalandira katemera, chiwewe chimaleka kufala m'deralo. Muzimupatsanso chakudya, kuti asamayendeyende m'midzi ya eni. Ana tiwaphunzitse kuti asamagende galu, ndiponso asamagwire galu wachilendo.

Galu wotsata mlendo safuna zambiri. Amafuna chakudya ndi pokhala. Tikamasamala agalu athu, agalu opanda mwini adzachepa, ndipo ana athu adzayenda m'njira mosaopa.

Tikambirane

1. Kodi dziko la Nepal lili pakati pa maiko ati?
2. Tchulani zifukwa zitatu zimene galu amatsatira alendo.
3. Mwana akalumidwa ndi galu, choyamba kuchita nchiyani?
4. M'mudzi mwanu muli agalu angati? Nanga olandira katemera ndi angati?