Galu Woonda ndi Ngozi kwa Ana Anu

Makolo m'makomboni, galu wanu akayamba kuoneka nthiti pamene akudya bwino, kawili-kawili vuto ndi njoka za m'mimba. Mazila a njokazi amatuluka m'matuvi ake ndi kukhala m'dothi momwe ana amasewelela. Mwana akaika manja a dothilo m'kamwa, nayenso angadwale.

Pitani naye kwa a Vetenale. Azimwa mankhwala a njoka miyezi 3 iliyonse, ndiponso azilasidwa nyeleti ya ciwewe caka ciliconse.

Nsima yokha siikwanila. Sakanizani ndi kapenta kapena zam'kati za nyama zophika, kawili patsiku, kuyambila pang'ono-pang'ono. Mucotseni nkhupakupa ndi kumupatsa madzi abwino.

Fotselani matuvi ake, ndipo ana azisamba m'manja ndi sopo asanadye. Galu wokhuta sayendayenda m'madzala.